Pini Yachitatu

Lolemba, 5 Meyi

Tagonekedwa. Bedi ndi la mwana, benchi ndi yanga kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo. Usiku azigona pano amake, poti abambo saloledwa kugona mu wodi ya ana. Shopu ndatseka. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyezo ya mageti ndi mawindo, ndangoyambira kumbuyo. Ndilembamo chilichonse chimene achite pa mwendo wa mwana wanga, kuti mawa wina asadzandiuze kuti sananene choncho.

Mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kushopu timamutchula Foromani, chifukwa akaweruka kusukulu amakhala pa ndowa n'kumandilamula ntchito. Mwendo wake wamanzere unapindika pansi pa bondo, ndipo akamakula ukupindikirabe. Tadikira chaka ndi miyezi inayi kuti tiitanidwe.

Bedi nambala 6. Mabedi khumi ndi awiri, mpopi umodzi, ndipo mpopiwo ukudontha. Ndauza nesi wamkulu kuti labala yam'kati yatha. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Bambo, mwabwera ndi wodwala kapena mwabwera kudzayendera nyumba?" Ndamupatsa dzina: Sajeni.

Lachiwiri, 6 Meyi

Magazi atenga. Sikelo: makilo 26. Dokotala wabwera 10:20, wamagalasi, ndi ophunzira asanu pambuyo pake ngati anapiye.

Akuti fupa alidula pamalo popindikapo, kenako amanga fulemu kunja kwa mwendo: mikombero iwiri yachitsulo, ndi mapini asanu ndi imodzi oboola khungu kukalowa m'fupa. Pakatha sabata tiyamba kupotokola manati a pa fulemuyo pang'onopang'ono, fupa lizitsatira mpaka liwongoke.

Mawu ake ndalemba mmene anawanenera: "Kudula fupa sikundiopsa. Chimene chimandiopsa ndi mabowo a mapini. Tizilombo tikalowa pa bowo n'kufika pa fupa, fulemu timachotsa, mwendo umabwerera mmene unalili, mwina kuposa."

Ndafunsa kuti mapiniwo ndi chitsulo chamtundu wanji. Ophunzira aseka. Ndawafunsa chimene chikuseketsa. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 7, kuwotcherera ndinadziphunzitsa ndekha, zaka makumi awiri tsopano, ndipo palibe geti langa lomwe linagwapo. Chitsulo chikulowa mwa mwana wanga ndiye ndisafunse? Dokotala wayankha bwino, akuti sichichita dzimbiri. Ndasayina.

Lachitatu, 7 Meyi

Walowa ku thiyeta 8:40. Watuluka 12:15. Wasanza kawiri. Akulira kuti mwendo ukulemera.

Sindinadye.

Lachinayi, 8 Meyi

Kutentha kwa thupi 37.4. Mankhwala opha ululu katatu.

Fulemu ndaiyang'anitsitsa. Ine sindipsatira mawu, chabwino ndimati chabwino: ntchito ndi yaukhondo. Mapini ndawapatsa manambala kuyambira kubondo kutsika. Yachitatu ili cha kunja, mbali imene ndimakhala ine, ndipo ndiyo ikutuluka timadzi kuposa zinzake.

Oyandikana nawo: bedi 5, kamnyamata kamene kanathyoka ntchafu, bala lake likununkha. Bedi 7, mtsikana wa msana, ali ndi amake, mayi onenepa olankhula ngati wailesi. Mayiwa andipatsa nthochi ziwiri n'kunena kuti, "Idyani achimwene, mkwiyo wopanda kanthu m'mimba sufika masana."

Lachisanu, 9 Meyi

Sajeni watiphunzitsa kutsuka mapini. Kusamba m'manja, magolovesi, pini iliyonse thonje lakelake, kupukuta kuchokera pa bowo kupita kunja. Kenako akuti: nkhanambo ikauma muisiye, imatseka bowo.

Apa sindinavomereze. Ukawotcherera chitsulo pamwamba pamatsala khungu lakuda. Waulesi amalisiya n'kupaka penti, pansi pali mphako. Wodziwa ntchito amaligogoda kuti aone ngati pagwiradi. Ndamuuza zimenezi. Akuti, "Mwendo si geti, bambo." Ndati ndikudziwa. Akuti, "Ndiye manja m'thumba."

Mayi ameneyu amalankhula ndi anthu ngati akuwerenga mayina a akaidi.

Lamulungu, 11 Meyi

Apongozi abwera ndi mpunga, mazira owiritsa ndi malalanje. Ataona zitsulo agwira pakamwa. "Kodi mwana mwamusandutsa njinga?" Foromani waseka mpaka misozi, koyamba chichitireni opaleshoni.

Nkhanambo zayamba kuuma. Pa pini yachitatu ndi yokhuthala, yakuda. Masana anesi ali ku tiyi ndaikanda ndi chikhadabo, yachoka bwinobwino. Pansi ndi pofiira, poyera, palibe vuto. Tsono kuona n'kulakwa? Foromani akuti, "Adadi, asisita anakaniza." Ndati asisita sanawotchererepo kanthu.

Lachitatu, 14 Meyi

Tayamba kupotokola. Nati iliyonse kuizunguza kota yokha, kanayi patsiku. Dokotala wajambula madontho pa manati ndi penti yofiira kuti tisasokoneze.

Sipanala ya chipatala ndi yochititsa manyazi. Inatha kukamwa, ikuterereka, ndipo ndi imodzi yomweyo akugwiritsanso a bedi 9. Chipatala chonsechi kulephera kugula sipanala ya nambala teni! Masana ndathamangira kushopu, ndatenga yanga, ndaipukuta ndi sanza. Ikugwira ngati inabadwira pomwepo.

Nkhanambo ya pini yachitatu yabwereranso. Ndachotsanso. Pansi pali bwino.

Lachisanu, 16 Meyi

Mpopi wauma. Aja ndinawauza tsiku loyamba, lero atseka madzi onse chifukwa kudontha kunasanduka mtsinje. Madzi akubwera mu ndowa imodzi, aliyense akuviikamo manja. Sopo anatha dzulo.

Ophunzira abwera okha opanda dokotala. Ndaona ndi maso angawa: mmodzi wamtali watsegula bandeji ya bedi 5, wagwira bala lonunkha lija, kenako ndi magolovesi omwewo wabwera kudzagwedeza fulemu ya mwana wanga. Ndaimirira. Ndati, "Chotsa dzanja lako, iwe!" Akuti wangogwira mkombero, sanagwire bala la mwana wanga. Ndati mkombero walumikizana ndi chiyani, ndi denga? Sajeni wabwera akuthamanga, wandiuza kuti ndikakuwanso andiitanira alonda. Koma ndamumva pakhonde akumulalatira mnyamatayo. Bwanji osamulalatira pamaso panga?

Thupi 37.2. Kota zinayi zakwana.

Lamulungu, 18 Meyi

Akudandaula kuti pini yachitatu ikuwawa. Kuzungulira bowo kwafiira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo, ndipo n'kotentha. Lamulungu dokotala kulibe. Nesi wamng'ono akuti tione mawa. Mawa! Matenda amapumanso Lamulungu?

Thupi 37.9.

Lolemba, 19 Meyi

Mafinya. Achikasu, akutsika ndi pini. Thupi 38.9. Sanadye kanthu, ngakhale lalanje.

Dokotala wafinya pang'ono, mwana wakuwa, ine ndaluma mlomo mpaka magazi. Atenga mafinya kukayeza. Amuika dilipu, mankhwala opha tizilombo kanayi patsiku. Kupotokola kwaima.

Ndafunsa funso limodzi: zafika pa fupa? Akuti sakudziwa. Tipatse mankhwala masiku atatu. Zikapanda kusintha abwerera ku thiyeta akaone ndi maso.

Ndang'amba pepala pakati pa kope ili, ndalemba kalata kwa akuluakulu a chipatala. Mpopi, sopo, sipanala, wophunzira wa magolovesi, ndi nesi wamkulu amene amadziwa kukalipira makolo koma wodi yake ilibe madzi. Masiku ndi maola ndaikamo onse. Ndakapereka ndekha ku ofesi, ndadikira mpaka mlembi wadinda.

Lachiwiri, 20 Meyi

38.7 m'mawa, 39.1 masana. Kufiira kwakula, ndayeza ndi tepi osakhudza: masentimita anayi.

Amake afika madzulo maso ali otupa. Akuti, "Bambo ake, kalata mwalembayo ichiritsa mwana?" Ndati ayi, koma wina ayankhepo. Akuti, "Inu chilichonse mumafuna wina ayankhepo."

Lachitatu, 21 Meyi

38.8. Za ku labu zabwera. Akuti ndi tizilombo tamba, timene timakhala pakhungu ndi m'manja mwa munthu aliyense. Ndati m'manja mwa ndani? Dokotala akuti makina sanena dzina.

Lero amake sanapite kuntchito, tinali tonse. Nthawi yotsuka, Sajeni waima nthawi yaitali akuyang'ana mapini. Kenako akuti, "Mapini asanu ali ndi nkhanambo zawo. Iyi yachitatu sindinaipezepo ndi nkhanambo ngakhale tsiku limodzi chiyambire. Ndimaganiza kuti ndi timadzi. Koma m'mphepete mwa bowo muli mokandika." Watembenukira kwa mwana. "Mwanawe, ndiuze zoona. Ndani amagwira apa?"

Foromani sanandiyang'ane. Wayang'ana bulangete.

"Ndimakanda ndekha, asisita. Pamayabwa."

Amake alumpha. "Iwe! Chaka chonse tadikira chija, iwe n'kumakanda? Ukufuna ukhale wopunduka mpaka kukalamba?" Amumenya kambama pa dzanja. Mwana wa thupi la 38.8. Sanalire, wangobisa dzanjalo kukhwapa. Sajeni akuti usiku azimuveka masokosi m'manja.

Ine ndinali pa benchi. Sindinanene kanthu.

Ndilembenso kuti ndione bwino: sindinanene kanthu.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndamupeza m'mawa ali ndi masokosi m'manja, omangidwa ndi pulasitala. Masokosi ake a sukulu. Akuyesa kugwira kapu ndi manja awiri ngati mwana wa chaka chimodzi.

Mayi a bedi 7 andikokera pakhonde. Lero wailesi inali yotsitsa. "Achimwene, ine maso ndili nawo. Lamulungu lija ndinakuonani, Lachitatu ndinakuonaninso. Sindinena, si mwana wanga. Koma inu si paja mumati simubisa mawu?"

Ndinafuna kuwatukwana. Mawu anafika pakhosi, ndipo anali okonzeka bwino. Ndabwerera mu wodi.

Dokotala wafika 10:05 ndi anapiye ake, Sajeni ali pambali. Ndaimirira ndanena mokweza, mmene ndinakuwira tsiku lija, kuti a bedi 12 amvenso. Ndati mwanayu sanakandepo. Nkhanambo ndimachotsa ndine, ndi chikhadabo ichi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, osasamba m'manja. Ndatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi ndaiika pa bedi. Ndati iyinso ndi ya kushopu, sinaphikidwepo, ndimangoipukuta ndi sanza.

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Dokotala wagwira dzanja langa, walitembenuza, wayang'ana zikhadabo. Zakuda zimene zili m'menemo sizichoka ndi sopo, ndi za zaka makumi awiri. Akuti, "Mumafuna kuona chiyani?" Ndati ngati pagwira. Wapuma mozama. Akuti, "Mwachita bwino kunena." Zaziii. Kunena bwino kwa chiyani, mwana atagona kale ndi masokosi?

Sajeni wasendera pa bedi. Watenga lumo, wadula pulasitala, wavula masokosi, wawapinda, wandipatsa ine.

38.9. Masiku atatu akwana, sizinasinthe. Thiyeta mawa. Akachotsa pini yachitatu, akatsuka, akayang'ana fupa. Likapezeka lofewa, fulemu yonse ichoka.

Amake ndawauza pakhomo la wodi madzulo. Akuti, "Ndinamenya mwana wodwala chifukwa cha inu." Alowa. Chakudya chimene anandibweretsera apatsa a bedi 5.

Lachisanu, 23 Meyi

Walowa 9:30.

Ndakhala pakhonde la thiyeta. Benchi yake mwendo umodzi unathyoka powotcherera, anaumanga ndi waya. Ndinayamba kuganiza kuti ndani anawotcherera zautsiru chonchi, kenako ndinasiya.

Watuluka 11:10. Fulemu ili pa mwendo. Ndawerenga mapini: asanu akale, imodzi yatsopano cha kutsogolo. Pamene panali yachitatu pali bandeji.

Dokotala akuti mafinya anatsika mpaka pafupi, koma fupa ndi lolimba. Wakanda pamwamba pake, watumiza ku labu kuti atsimikize. Kupotokola kudikire mpaka thupi lizizire.

Ndinakhala pansi pa simenti.

Loweruka, 24 Meyi

38.1. Wamwa tiyi ndi buledi theka.

Lolemba, 26 Meyi

37.5. Kufiira masentimita awiri. Dilipu ikupitirira.

Andiitana ku ofesi za kalata ija. Bambo wa tayi akuti wamva kuti nkhani yasintha, ndiye mwina ndikufuna kuibweza kalatayo. Akumwetulira. Ndati ndipatseni. Ndafufuta mzere umodzi wokha, wonena za nesi wamkulu, ndasayina pambali. Ndati zotsalazo zikhale. Kulakwa kwanga sikunabweretse madzi mu mpopi. Sopo kulibe mpaka lero. Bedi 5 bala lake likuwola, bambo ake sanaligwirepo, ali kutali. Ameneyonso mumunamizira chikhadabo cha ndani? Kumwetulira kunatha.

Pobwerera ndakumana ndi Sajeni. Ndati, "Asisita, ndinakulakwirani." Akuti, "Ine ayi. Ine ndinazolowera, abambo okuwa ndimaona atatu pamwezi." Wayenda masitepe awiri, watembenuka. "Za mpopizo mwasiyamo?" Ndati eya. Akuti, "Ine ndalemba kanayi, sayankha. Mwina inu akuopani."

Lachitatu, 28 Meyi

36.9 masiku awiri otsatizana. Za ku labu: fupa lilibe tizilombo. Dilipu achotsa, tsopano mapiritsi.

Kupotokola kwayambiranso patatha masiku asanu ndi anayi. Akupotokola ndi Sajeni, ndi sipanala yanga, imene anaiphika mu makina awo ndipo akuti sibweranso kushopu. Nati ikulimba. Mwana akumva ululu kuposa poyamba, akuluma pilo. Dokotala akuti pa masiku amene tinaima aja fupa linayamba kugwirana, fupa la mwana silidikira munthu.

Amake ayamba kundiyankha, koma mawu amodziamodzi. "Eya." "Ayi." "Sunthani."

Anthu abwera kudzakonza mpopi. Awiri, ndi bokosi lalikulu la zida, labala osabweretsa. Ndatuluka panja kuti ndisalankhule.

Lolemba, 2 Juni

Ekisileyi m'mawa. Dokotala waiika pa windo, wajambula mizere ndi rula, wandiitana kuti ndione, poti akuti miyezo ndimaidziwa.

Fupa lagwirana. Manati sakuyendanso, ndipo kukakamiza kungathyole pini. Pa kupindika kumene kunalipo, magawo anayi mwa asanu awongoka. Limodzi latsala. Akuti ayenda bwino, athamanga, ambiri sadzazindikira. Kuti awongole lotsalalo n'kudulanso fupa, ndipo iye sakufuna, pokhapokha bondo likadzayamba kuvuta akakula. Fulemu ikhala miyezi iwiri kuti fupa likhwime. Tituluka Lachinayi.

Ndafunsa kuti, tikanapanda kuima masiku aja, likanawongoka lonse? Akuti mwina. Ndafunsa kuti tizilombo tija tinali ta chikhadabo changa, ta magolovesi a wophunzira, kapena ta mu ndowa? Akuti palibe angadziwe. Ndati dokotala, ine ndi munthu wamkulu, musandinyengerere, nenani. Akuti, "Sindikukunyengererani, bambo. Sindikudziwa."

Anthu ophunzira amenewa! Zaka zonsezo kusukulu, funso la eya kapena ayi kulephera.

Lachitatu, 4 Juni

36.7. Wayenda ndi ndodo kuchokera pa bedi mpaka pakhomo ndi kubwerera, kawiri. Mayi a bedi 7 aimba m'manja. Mapini onse ndi ouma. Kunyumba azitsuka amake, Sajeni wawayesa kawiri ndipo akhoza. Ine sanandifunse n'komwe, ndipo sindinapemphe.

Masana wodi inali phee, ambiri atagona. Ndinamusendera lalanje. Chichitikireni zija sitinakambepo, ndiye ndamufunsa.

"Foromani, unanamiranji tsiku lija? Ine ndinakuphunzitsa kunama?"

"Ayi."

"Nanga?"

Watafuna lalanje, walavulira njere m'dzanja.

"Amami akakwiya amamenya kamodzi, basi zatha. Inu mukakwiyira munthu simusiya, mpaka chaka. Ndiye ndinaona kuti mukadzikwiyira nokha, muzikhala naye bwanji munthuyo, poti ndinu nomwe? Bola ine."

Wandipatsa njere kuti ndikataye.

Ndatuluka nazo panja kukafuna woti ndimukalipire. Ndadutsa ku ofesi, ku labu, kuchipata kwa alonda, ndazungulira chipatala chonse. Sindinamupeze.